Moto wa m'Injini Uli ndi Nthawi Yake

Munthu amene waima pa Limbuli m'mawa wa tsiku la msika, kapena pa Chitakale dzuwa likamapendeka, saona galimoto zamakono zokhazokha. Pakati pa maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza pamadutsabe galimoto zakale zoyendera petulo: Nissan 1400 yodzaza ndi matumba a chimanga ochokera kumalire a Muloza, Toyota Hilux yosenza nanazi ndi nthochi, ndiponso mwa apo ndi apo Land Rover imene inayamba kukwera misewu ya m'minda ya tiyi mwini wake wa lero asanabadwe. Galimoto zimenezi ndi khasu la mabanja ambiri m'boma la Mulanje. Ndizo zimalipirira ana sukulu, ndipo usiku ndizo zimathamangitsira wodwala kuchipatala. Imodzi ikagona masiku atatu, pakhomo pamagwa njala.

Matenda a galimoto zotere ndi ambiri, koma pali amodzi amene amadya ndalama za eni ake mwakachetechete. Amenewa ndi kusokonekera kwa nthawi imene moto umathetheka m'injini, chimene amakaniko amangochitcha timing. Kukonza kwake sikulira zida zodula. Kumalira kumvetsa ndi kutsata dongosolo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya.

MMENE ZIMAYAMBIRA

Kawirikawiri nkhani yake imayenda motere. Galimoto imene inali kukwera bwino zitunda za ku Thyolo kuchokera ku Luchenza imayamba kufooka. Pamalo pamene dalaivala ankadutsa ndi giya yachitatu tsopano pakufunika yachiwiri, madzi a mu redieta akuwira, ndipo petulo amene ankakwanira ulendo wa ku Limbe ndi kubwerako akuthera panjira. Dalaivala amaganiza za kabureta, pakuti ndiyo imanenedwa msanga pa vuto lililonse. Kabureta imamasulidwa, imatsukidwa, imabwezedwa. Mapulagi atsopano amagulidwa. Koma vuto lili pompo.

Kenaka pamabwera mnyamata wothandiza pagalaja, amene anaonapo mmisiri akupotoza distributa. Iye amamasula bawuti injini ikulira, napotoza distributayo mpaka kulira kutamveka kwamphamvu m'khutu mwake. "Yachira, achimwene, tamvani mmene ikuyankhira," amatero, ndipo dalaivala amalipira mokondwa. Pamsewu wosalala galimoto imathamangadi. Koma ikafika pachitunda ili ndi katundu, m'injini mumamveka kaphokoso konga misomali yogwedezedwa m'chitini. Dalaivala amangokanyalanyaza. Patapita milungu ingapo injini imayamba kufuka utsi ndi kutsimphina, ndipo ikatsegulidwa pisitoni imodzi imapezeka itabooka pamutu. Ntchito imene ikadatha ndi theka la ola tsopano ikufuna mapisitoni, maringi ndi gasiketi, kuwonjezera masiku ambiri osagwira ntchito.

Mnyamata uja sanalakwe poganizira timing. Kulakwa kwake kunali kuyambira kumapeto, ndiponso kuyesa ndi khutu chinthu chimene chimayesedwa ndi madigiri.

CHIFUKWA CHAKE MOTO UMATSOGOLA

Injini za galimoto zimenezi zimatsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa m'chaka cha 1876. Pisitoni imatsika m'silinda kukoka mpweya wosakanizika ndi petulo, imakwera kuupanikiza, imakankhidwira pansi ndi mphamvu ya moto, ndipo imakweranso kutulutsa utsi. Pa maulendo anayi amenewa, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amachizunguza, chotchedwa crankshaft, chimazungulira kawiri.

Munthu angaganize kuti pulagi iyenera kuthetheka pisitoni itafika pamwamba penipeni. Sizili choncho ayi. Petulo sayaka yense nthawi imodzi. Amayaka monga moto wa tchire, kuyambira pa pulagi n'kumafalikira m'mbali, ndipo kuyakaku kumatenga pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuti mphamvu yonse ipeze pisitoni itangoyamba kutsika, moto uyenera kuyatsidwa pisitoniyo isanafike pamwamba, monga mlenje amene amaponya mkondo patsogolo pa gwape wothamanga, osati pamene gwapeyo ali.

Aphunzitsi a masamu ali ndi chitsanzo chabwino pamenepa. Injini ikamangolira galimoto itaima, crankshaft imazungulira pafupifupi ka 800 pa mphindi. Kuzungulira kamodzi ndi madigiri 360, motero pa sekondi imodzi imayenda madigiri 4,800, ndipo m'kanthawi kaja ka kuyaka imayenda madigiri pafupifupi 10. Pamsewu, ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, imayenda madigiri 18,000 pa sekondi, ndipo m'kanthawi komweko imayenda madigiri 36. Ichi ndicho chifukwa chake moto umene umatsogola ndi madigiri ochepa injini ikamalira pang'onopang'ono uyenera kutsogola ndi madigiri 30 kapena kuposerapo pa liwiro. Choncho timing si malo amodzi okhazikika, koma chinthu chimene chiyenera kusuntha malinga ndi liwiro ndi kulemera kwa ntchito.

ZIDA ZOSUNGA NTHAWI

Njira yopangira moto m'galimoto zakalezi inakonzedwa ndi Charles Kettering wa ku America, ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac cha m'ma 1910. Batire limapereka mavolti 12. Koyilo imasandutsa mphamvu imeneyi kukhala mavolti oposa 10,000, okwanira kulumpha mpata wa pa pulagi, koma imachita zimenezi pokhapokha magetsi olowa mwa iyo akadulidwa mwadzidzidzi. Odula magetsiwo ndi mapointi, tizitsulo tiwiri ta m'kati mwa distributa timene timakhudzana ndi kulekana. Pakati pa distributa pali shafuti yokhala ndi timapewa tinayi, ngati injini ili ya masilinda anayi, ndipo kaphewa kalikonse kakamadutsa kamakankha kachidendene ka mapointi kuti atseguke. Mfundo yoyenera kuigwira ndi iyi: moto umabadwa pa nthawi imene mapointi akutseguka, osati pamene akutsekeka. Rota, kachitsulo kozungulira pamutu pa shafuti, imalandira motowo n'kuupereka ku waya wa silinda imene nthawi yake yakwana.

Pansi pa mapointi pali tizitsulo tiwiri tolemera togwidwa ndi timasipuling'i. Liwiro likakwera, tizitsuloti timatambasuka n'kupotoza timapewa tija kuti moto utsogole. Pambali pa distributa palinso kachitini kozungulira kolumikizidwa ku kabureta ndi kapaipi. M'kati mwake muli kachikopa kamene kamakokedwa ndi mpweya wa injini galimoto ikamayenda mopepuka, ndipo kamatsogozanso moto kuti petulo asawonongeke. Dalaivala akaponda mafuta onse pachitunda, kukoka kuja kumachepa ndipo moto umabwerera m'mbuyo.

Tsono injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, mapointi amatseguka ka 100 pa sekondi iliyonse. Kachidendene kaja kamadyeka, makamaka kakasowa girizi ndiponso m'misewu ya fumbi. Kakadyeka mpata wa mapointi umachepa, kaphewa kamachedwa kuwatsegula, ndipo moto umayamba kuchedwa popanda munthu wokhudza distributa. Awa ndiwo anali matenda enieni a galimoto ija ya ku Luchenza. Mankhwala ake anali kubwezera mpata wa mapointi, osati kupotoza distributa yonse.

ZIZINDIKIRO

Moto ukachedwa, petulo amakhala akuyakabe pisitoni itapita kale pansi. Mphamvu imene ikadayendetsa magudumu imasanduka kutentha. Galimoto imafooka, imamwa petulo wambiri, madzi amawira, paipi yotulutsa utsi imatentha kwambiri mpaka nthawi zina kufiira usiku, ndipo mavalavu otulutsira utsi amapsa.

Moto ukafulumira mopitirira, mphamvu imakumana ndi pisitoni ikadali kukwera. Poliza injini sitata imalemedwa ngati batire latha, ndipo nthawi zina injini imakankha chobwerera. Pachitunda pamamveka kaphokoso ka misomali kaja. Kaphokosoka kamatanthauza kuti mbali ina ya petulo, m'malo moyaka mwadongosolo, ikudziphulikira yokha ndi kumenya mutu wa pisitoni ngati nyundo. Choopsa chake n'chakuti injini imene moto wake watsogola kwambiri imalira mokoma ikakhala yopanda katundu. Khutu la pagalaja limanyengeka, koma chitunda sichinyengeka.

Ngati injini ikuombera ku kabureta kapena ikukana kulira distributa itangobwezedwa, kawirikawiri mawaya a mapulagi asinthanitsidwa, kapena distributa yalowetsedwa rota italoza kumbuyo.

DONGOSOLO LOFUFUZIRA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba waika giya panyutirala, wakoka buleki ya dzanja ndi kuika mwala kugudumu, ndipo amasamala manja ndi malaya ake pafupi ndi fani. Akatero amatsata ndondomeko iyi.

Choyamba, amatsimikiza kuti vuto lilidi la moto. Lamba wa fani wolefuka, redieta yotsekeka ndi matope, sefa ya mpweya yodzaza fumbi ndi mabuleki ogwira zimabweretsanso kufooka ndi kutentha. Zimenezi zimaoneka ndi maso, ndipo kuziona sikulira ndalama.

Chachiwiri, amayang'ana mapulagi ndi mawaya. Pulagi yabwino imakhala yofiirira pansonga. Yakuda ndi mwaye imasonyeza petulo wochuluka kapena moto wofooka, pamene yoyera mbuu ndi yodyeka imasonyeza kutentha kopitirira. Mawaya ayenera kutsata ndondomeko ya kuyaka potsata mbali imene rota imazungulirira. Pa injini zambiri za masilinda anayi za Nissan, Toyota ndi Land Rover ndondomekoyi ndi 1-3-4-2. Koma si galimoto zonse: Ford Cortina ndi Escort za injini ya Kent zimatsata 1-2-4-3, ndipo Volkswagen Beetle imatsata 1-4-3-2.

Chachitatu, amavundukula chipewa cha distributa n'kufunafuna ming'alu, chinyezi ndi timizere takuda timene moto umasiya ukamaba njira. Amagwedeza shafuti chammbali. Ngati ikugwedera, mpata wa mapointi sungakhazikike ndipo timing idzangoyendayenda ngakhale itcheredwe kangati.

Chachinayi, amatchera mapointi. Amazunguza injini ndi dzanja mpaka kachidendene katakwera pansonga pa kaphewa, nayesa mpata ndi timipeni topyapyala totchedwa feeler gauge. Pa galimoto zambiri zotere mpatawu umakhala pakati pa mamilimita 0.35 ndi 0.55, ndipo muyeso weniweni uli m'buku la galimotoyo. Mapointi okumbika mbali imodzi ndi kutupa mbali inayo amasonyeza kuti kondensa, kachipangizo koletsa mapointi kupsa, yatopa, ndipo ziwirizi zimasinthidwa pamodzi. Pomaliza amapaka kadontho ka girizi pa timapewa. Ntchito imeneyi iyenera kutsogola, chifukwa kusintha mpata kumasinthanso timing. Wotchera timing asanatchere mapointi ali ngati womanga denga nsanamira zisanaime.

Chachisanu, amayesa zida zotsogoza moto. Amapotoza rota ndi zala kulowera kumene imazungulirira. Iyenera kusuntha pang'ono ndi kubwerera yokha akaisiya. Ikakana, tizitsulo tolemera tija tagwidwa ndi dzimbiri. Ikapanda kubwerera, timasipuling'i tatha. Kenaka amazula kapaipi ku kabureta n'kukayamwa ndi pakamwa. Mbale imene mapointi akhalapo iyenera kusuntha, ndipo akatseka kapaipi ndi lilime iyenera kukhala pomwepo. Ngati mpweya ukungodutsa, kachikopa kang'ambika.

Chachisanu ndi chimodzi ndipo amatchera timing. Amachotsa pulagi ya silinda yoyamba, natseka dzenje ndi chala, mnzake akuzunguza injini ndi sipanala mpaka mpweya utayamba kukankha chalacho. Apo pisitoni ikukwera kupanikiza. Amapitiriza pang'onopang'ono mpaka chizindikiro cha pa pule ya kutsogolo kwa crankshaft chitalunjika pa nambala ya madigiri imene buku likunena, imene pa injini zambiri zakale ili pakati pa 0 ndi 10 pisitoni isanafike pamwamba. Rota iyenera kukhala italoza waya wa silinda yoyamba. Tsono amatenga babu la mavolti 12 la mawaya awiri. Waya mmodzi amamulumikiza pa koyilo, mbali yopita ku distributa, ndipo winayo pa chitsulo cha injini. Amatsegula kiyi osaliza injini, namasula bawuti ya distributa. Amapotoza distributa kutsata kumene rota imazungulirira mpaka babu litazima, kenaka amaibweza pang'onopang'ono mpaka babu litangoyaka. Pamenepo mapointi angotseguka kumene, ndipo amamanga bawuti. Kiyi sayenera kusiyidwa yotsegula nthawi yaitali, pakuti koyilo imatentha.

Amene ali ndi nyali yophethira yotchedwa timing light amatsimikiza ntchitoyi injini ikulira, atazula kapaipi kaja ndi kukatseka. Akaponda mafuta chizindikiro chiyenera kusuntha mosadumphadumpha ndi kubwerera pamalo pake. Chikamavina, shafuti ya distributa kapena tcheni cha m'injini chatha. Pa pule zina zokhala ndi mphira pakati, mbali yakunja imaterereka n'kupita nacho chizindikiro, kotero wokayika amayesa ndi kamtengo m'dzenje la pulagi kuti aone ngati pisitoni ilidi pamwamba chizindikiro chikaloza pa 0.

Chomaliza ndi msewu. Injini itatentha, galimoto imayendetsedwa pa giya yomaliza pa liwiro lochepa, ndipo dalaivala amaponda mafuta onse. Ngati misomali ija ikumveka mosalekeza, moto ubwezedwe madigiri awiri ndipo ayesenso. Apa dzanja liyenera kupepuka, chifukwa distributa imazungulira theka la liwiro la crankshaft, choncho digiri imodzi ya distributa ndi madigiri awiri a injini. Kuisuntha mlingo wa kamtengo ka machesi n'kokwanira kusintha madigiri angapo.

ZIMENE MULANJE AMAWONJEZERA

Buku la galimoto linalembedwa kutali, ndipo silidziwa Mulanje. Pali zinthu zitatu zimene mmisiri wa kuno ayenera kuzikumbukira.

Choyamba ndi chinyezi. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo m'miyezi yozizira kumagwa chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. M'masiku otere madzi amaundana m'kati mwa chipewa cha distributa, moto n'kumalumphira ku waya wolakwika. Injini imakana kulira m'mawa kapena imaombera, ndipo wosadziwa amathamangira kupotoza distributa. Mankhwala ake ndi kansalu kouma, ndipo ngati chipewa chili ndi mng'alu, chipewa china. Galimoto imene yawoloka madzi m'nyengo ya dzinja imafunanso chisamaliro chomwechi.

Chachiwiri ndi kutalika kwa malo. Nissan 1400 inkapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, ndipo zina zinafika kuno ndi anthu obwerera kuchokera ku Joni. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwa cha Mulanje, ngakhale chili patsinde pa Sapitwa wa mamita 3,002, chili pa mamita 600 mpaka 700 okha. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, injini siipanikiza kwambiri, ndipo imalola moto wotsogola. Galimoto yotcheredwa motero ikatsikira kuno, kumene mpweya uli wolemera ndiponso wotentha m'mwezi wa Okutobala, ikhoza kuyamba kulira misomali ngakhale palibe chimene chathyoka.

Chachitatu ndi petulo. Mphamvu ya petulo yopirira kupanikizidwa osadziphulikira imasiyanasiyana, ndipo petulo wa lero si amene analipo pamene mabuku akale ankalembedwa. Petulo wokhala ndi mtovu analekeka m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara pofika chaka cha 2006. Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe m'chaka cha 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. Ethanol amathandiza petulo kupirira, koma amakoka madzi akakhalitsa m'thanki. Choopsa chachikulu ndi petulo wa m'zigubu amene amachuluka m'mbali mwa msewu mafuta akasowa. Ngati wathiridwa palafini, kupirira kwake kumatsika, ndipo injini yotcheredwa bwino imayamba kulira misomali. Funso loyamba kwa dalaivala wotere likhale lakuti, "Kodi mafuta munathira kuti, bambo?" Distributa isakhudzidwe funsoli lisanayankhidwe.

KWA OMALIZA SUKULU

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 opanga galimoto anayamba kuchotsa mapointi ndi kuika zipangizo zamagetsi zosadyeka. Galimoto zamakono zilibe ngakhale distributa: kompyuta ndiyo imawerenga malo a crankshaft, kumvetsera kaphokoso kaja ndi kubweza moto yokha. Malole ndi mathirakitala a dizilo a m'minda ya tiyi alibe mapulagi a moto, ndipo timing yawo ndi ya pampu ya mafuta. Komabe lamulo silinasinthe. Mafuta ayenera kuyaka pa nthawi yake, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene wamvetsa zimenezi pa distributa yakale, imene ziwalo zake zonse zimaoneka ndi maso, savutika kumvetsa zimene kompyuta ikuchita mobisika.

Amene akufuna umisiri umenewu ali ndi njira ziwiri: kuphunzira pagalaja kwa mmisiri wodziwa, kapena kulowa sukulu za ntchito zamanja pansi pa bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Kulikonse kumene angapite, masamu a madigiri ndi sayansi ya magetsi zimene ankaziona ngati zongolembera mayeso adzazipeza zikumudikira pansi pa boneti. Safunsa anadya phula; wophunzira asachite manyazi kufunsa muyeso kapena kutsegula buku pamaso pa mwini galimoto.

Ndipo mwini galimoto naye ali ndi gawo lake. Timing ikatcheredwa bwino, apemphe mmisiri alembe kamzere ka penti kochokera pa distributa kufika pa injini, kuti tsiku lina wina akadzaipotoza zidzaoneke. Mpata wa mapointi uyesedwe nthawi iliyonse posintha oyilo. M'galimoto musamasowe mapointi apadera, kondensa, babu la mawaya awiri ndi kansalu kouma. Zonsezi zimakwana m'thumba la malaya, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa pisitoni imodzi.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za kabureta, imene yakhala ikusenza milandu ya distributa kwa zaka zambiri.